Chigamba cha pa Sipika

Tatsitsani pang'ono foniyo, ana inu. Chifikireni pakhonde pano mwakhala mukukangana za azungu atsitsi lalitali amene ankayimba roko inu musanabadwe, akuti uyu dziko silinamupatse ulemu womuyenera, uyo anamuiwala msanga. Iwe Tadala mpaka mitsempha ya m'khosi yatuluka, kumenyera nkhondo munthu amene nyimbo zake zafika mpaka m'foni ya mwana wa ku Thyolo. Ameneyo ndiye woiwalikayo? Woiwalika weniweni ndikumudziwa ine. Munkadya naye mbale imodzi, munkamukwera pamsana, ndipo mpaka tinakamuika m'manda palibe mmodzi wa inu amene anadziwa kuti manja amene ankakusenderani nthochi aja anali manja otani.

Ndikunena agogo anu a Layisoni, bambo a mayi anu. Sekani, ndikukuonani. Inu munawadziwa atakalamba, munthu wosayankhulayankhula, khasu paphewa, tsiku lonse ali m'nthochi zawo ku Khwethemule. Koma ine ndikukuuzani, ndipo sindinamwe kanthu lero, kuti kuyambira ku Makwasa mpaka ku Kapichi kunalibe munthu wogwira gitala ngati ameneyo. Ine ndizingoti Layisoni, mundikhululukire, chifukwa tisanakhale asewere tinali anyamata a msinkhu umodzi, ndipo ng'oma za m'bandi yake ndinkayimba ndine.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito pa esiteti, dzinja kuthyola tiyi, nthawi yachisanu kudulira. Tinkakhala m'malaini, tinyumba togundizana moti mnzako akayetsemula kuseri kwa khoma iwe unkamufunsa ngati wamwa mankhwala. Belu la ku fakitale likalira m'mawa, dengu kumsana, kulowa m'munda mame akadali tho, ndipo chiperoni chikabwera zala zinkauma mpaka osamva kuti wagwira tsamba. Kapitawo anali ndi nyimbo yake imodzi yokha: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Masana ankatipatsa tiyi wakuda m'zitini, ife n'kutulutsa makaka athu a chinangwa chouma kapena nyemba za kalongonda zimene tatenga kunyumba. Inu kalongonda mumamuthawa, mumati amanunkha, koma ndi amene anamanga mafupa amene mukuyendera amenewo.

Layisoni yekha sanali wa m'munda. Ankagwira ntchito ku kilabu ya azungu, kunyamula mabotolo pa thireyi atavala zoyera zokhazokha. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi nyimbo zimenezi. Ana a mabwana akabwera kutchuthi ankabwera ndi zimbale za kwawo, n'kumaziliza pa galamafoni mpaka akuluakulu kutseka makutu. Layisoni ankaima pakona, nkhope ngati sakumva chilichonse, koma kunsi kwa thireyi zala zikuyendayenda. Akaweruka, ulendo wa kwa ine ku malaini, atanyamula gitala yake ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga.

"Simiyoni, tamvera ichi," amatero. "Azungu aja ng'oma yawo ikungoti gu, gu, ngati munthu akusinja yekha. Iwe uikemo ya tchopa."

Ine gule wa tchopa ndinakulira momwemo, kwa atsibweni anga, ndiye sizinandivute. Chizungu cha m'nyimbo zija tinachitaya, tinaikamo mawu athu, ena a Chinyanja ena a Chilomwe. Ng'oma yanga yaikulu inali bokosi lopakiramo tiyi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chopondera chake chitsulo cha njinga yakufa. Wachitatu wathu anali Mofati, dalaivala wa thirakitala, munthu wonenepa wokonda kuseka, amene ankayimba babatoni, besi yaikulu ya chingwe chimodzi imene umachita kuikhalira. Dzina la bandi tinaba kwa kapitawo: Masamba Awiri. Boma la nthawi imeneyo silinkafuna tsitsi lalitali kapena mathalauza otambalala kumapazi, ndiye ife roko wathu tinkayimba tili ndi mipala yonyezimira ndi makabudula a khaki.

Mwayi unabwera kuchokera ku Kapichi. Bambo wina atabwerako kumigodi ku Joni anabwera ndi gitala yamagetsi ndi bokosi lake lokuzira mawu, lokhala ndi sipika imodzi yaikulu mkati, kumbuyo kwake kotsegula. Akazi ake anati iwo anadikira malata, osati phokoso. Tinasonkherana atatu n'kugula. Magetsi ake anali batire ya thirakitala ya Mofati, imene inkapezeka Lamulungu lokha, thirakitala ikagona. Mukumbukire zimenezo, Lamulungu lokha, chifukwa zidzabweranso kutsogoloku.

Tsono apa ndi pamene tinaphonya, tonse atatu, anthu obadwira konkuno odziwa mwambo. Tinafunsana kuti bokosi lizikhala kuti. Kwa ine ku malaini denga linkadontha. Kwa Mofati kunali ana ambiri okonda kutokosa zinthu. Layisoni anati, "Kwanga kuli bwino, nyumba ndamanga ndekha, yofolera bwino." Kwakeko kunali ku Khwethemule, kwa akazi ake a Elube, agogo anu omwewa. Palibe mmodzi wa ife amene anakumbuka kuti mkamwini sanena kuti kwanga. Nyumba amamanga ndi iye, inde, koma dothi ndi la eni ake, ndipo chimene chalowa pakhomopo chalowa m'mbumba. Akuluakulu amati mkamwini ndi tambala wobwereka. Ife tinatenga chuma chathu chonse n'kukachisungitsa m'khola la eni.

Poyamba bokosi lija linkalira bwinobwino, mwaulemu, ngati gitala ya kutchalitchi. Tinkayimba, anthu ankavina, koma sizinali zosiyana ndi mabandi ena. Ndiye nthawi ina a Elube anaika thumba la makaka pafupi ndi bokosi, khoswe n'kubwera kudzadya makaka, atakhuta n'kulowa kumbuyo kwa bokosi, kuluma pepala lakuda la sipika mpaka kung'amba kuchokera m'mphepete kulowa mkati. Lamulungu lotsatira titaona tinangogwira pakamwa. Mofati anati tiyese, mwina likadali ndi moyo. Analumikiza batire, Layisoni n'kukhwatcha chingwe chimodzi.

Ana inu, mawu amene anatuluka m'menemo sindinawamvenso kwina kulikonse mpaka lero, ngakhale m'mafoni mwanumo. Bokosi linabangula. Linalira ngati thirakitala imene ikukwera chitunda itasenza masamba onyowa, koma kulira kwake kukutsata nyimbo, kukwera pamene chala chakwera, kunjenjemera pamene chala chanjenjemera. Agalu a m'malaini anathawa. Ine ndinati basi, tataya ndalama. Koma nditayang'ana Layisoni ndinaona maso ali gwa pa gitala, akumwetulira ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosochera.

"Ndi zimenezi," anatero. "Azungu aja amachita kuzifunafuna ndi makina. Ife watipangira khoswe."

Amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Yathu inayamba kulira itang'ambika kale. Layisoni anaphunzira kuweta mawu amenewo. Ankadziwa pokanikiza kuti bokosi likalipe, ndi polekerera kuti lidandaule ngati mayi wa pamaliro. Tikayimba pabwalo la mpira Lamulungu masana, anthu ankachokera kutali wapansi, ena atanyamula ana, ena nthochi zogulitsa. Anamwino a kuchipatala cha mishoni ku Makwasa ankabwera atafunda mipango kuti asadziwike, ngati kuti ife sitingazindikire nsapato zoyera. Tinali ndi nyimbo ina yonena za kapitawo wothamangitsa anthu pamzere, ndipo makapitawo enieniwo ndi amene ankavina patsogolo. Ndikamakumbuka fumbi limene linkakwera pabwalo lija, ine ndili kumbuyo kwa ng'oma zanga thukuta lili kamukamu, mtima wanga umadzaza mpaka pano. Tinali akatswiri. Palibe amene anatilemba m'nyuzipepala, ndiye ndikudzinenera ndekha.

A Elube anabwera kudzaonerera kamodzi kokha. Anaima kumbuyo, bokosi litangoyamba kubangula anaweramitsa mutu, n'kutembenuka kumapita. Layisoni anaona, ndipo zinamupweteka. Anaganiza kuti akazi ake amadana ndi nyimbo zake. Sanawafunse, iwonso sananene kanthu. Mabanja a kale anali otero, anthu ankatha kugona mphasa imodzi aliyense atasenza mtolo wake.

Tsono ichi simukuchidziwa, ndipo mayi anu mwina sanakuuzeni: banja la agogo anu linathapo. Iwe Yamikani tseka pakamwa, ntchentche zingalowe. Linatha ndithu. Mlandu wake unali khasu. Mkamwini amayenera kulima munda wa apongozi, ndipo Layisoni masiku a ntchito anali ku kilabu, Lamulungu ali pabwalo ndi ife. Komanso ankasamala zala zake ngati mazira. Apongozi ake aakazi ankanena mokweza ali kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sayankhulana nawo maso ndi maso, kuti, "Ena anapeza akamwini, ine ndinapeza wayilesi." Chaka china udzu unamera m'munda mpaka kubisa mbuzi. Chaka chinacho chimodzimodzi. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi kangapo, Layisoni kulonjeza, osachita. Mapeto ake mwini mbumba, a Makwinja, atsibweni awo a Elube, anati zakwana. Layisoni anatuluka pamudzi paja ndi bulangete, malaya ake oyera ndi gitala, poti inali pamsana pake. Bokosi linatsala. Anati katundu wa m'nyumba ndi wa mwana, ndipo mwanayo anali atsibweni anu a Fulede, akadali kumsana.

Layisoni anabwera kudzakhala kwa ine ku malaini. Gitala yamagetsi yopanda bokosi imangonong'ona, simungaimve ngakhale muli pakhomo. Ankakhala pamwala kuseri kwa nyumba n'kumainong'oneza choncho, osadya bwino, osaseka. Bandi inaima.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Nthawi yomweyo, kutatentha, mitengo ya mango itayamba kugwetsa, mmodzi wa anamwino aja anatipeza ndi uthenga. Mchimwene wake ankagwira ntchito ku wayilesi ku Blantyre, ankayenda m'maboma ndi makina ojambulira nyimbo. Mchimweneyo anamva kuti ku Thyolo kuli gitala yobangula, ndiye anati abwera Lamulungu lina mvula isanagwe, kamodzi kokha, chifukwa mvula ikayamba misewu yathu munkaidziwa ndi mawondo. Inu simungamvetse. Lero aliyense amadzijambula yekha ali m'bafa n'kutumiza dziko lonse. Nthawi imeneyo wayilesi inali imodzi, khomo linali limodzi, ndipo likakutsegukira dzina lako linkafika mpaka ku Karonga. Khomo limenelo linali litatitsegukira, ife bokosi lili m'nyumba ya mkazi wosudzulidwa.

Ine ndi Mofati tinavala majekete, ulendo wa kwa a Makwinja. Tinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mapeyala. Tinakhala pansi, kuwomba m'manja, kufotokoza zonse mwaulemu, kuti bokosi lija tinasonkherana atatu.

"Ndamva," anatero a Makwinja, osasiya kusema. "Inu munasonkherana atatu. Nanga polowa m'nyumba ya mwana wa mlongo wanga, munandiitana kuti ndidzaone kuti ichi n'cha atatu?"

"Iyayi, bambo."

"Ndiye ine ndikudziwa chimodzi. Chinalowa ndi mkamwini, mkamwini wapita, chatsala ndi cha Fulede."

Mofati anayesa nthabwala, anati mwana wakhanda bokosi achita nalo chiyani. A Makwinja anamuyang'ana mpaka nthabwala inauma yokha. Kenaka analoza ndi kasemasema kumunsi, kumene kunali munda wa apongozi a Layisoni, waukulu, wotsetsereka, thengo lokhalokha.

"Mwauona uwo? Mnzanuyo anadya za pamudzi pano, munda n'kuusiya choncho. Mizere ikaima kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje, bokosi lanu mudzatenge. Koma mwini ngongole ya khasu akhale patsogolo. Sindikufuna aganyu."

Titabwerera ku malaini ndinamuuza Layisoni kuti iye azingogwira khasu mwachiphamaso, ntchito yeniyeni tigwira ndi ife, asunge zala. Anapukusa mutu. "Munda umenewo ndinauthawa ndine," anatero.

Ndiye tinayamba. Tikaweruka ku esiteti masana, dzuwa likadali pamutu, ulendo wa ku Khwethemule, makasu paphewa. Dothi la nthawi imeneyo mukulidziwa, louma ngati njerwa, ukamenya khasu limabwerera. Anthu a m'mudzi ankabwera kudzaonerera bandi ya Masamba Awiri ikuyimba ndi makasu, ana kumatiyimbira nyimbo zathu zomwe motinyogodola. Ine ndi Mofati manja athu anali ozolowera. Koma manja a Layisoni, manja a thireyi, anatuluka matuza tsiku loyamba lomwelo, matuza kuphulika, ena kutuluka pamwamba pa omwewo. Anamanga nsanza n'kumapitiriza, ali patsogolo monga ananenera a Makwinja. Ine ndinkayang'ana zala zimene zija zikutupa, mtima n'kumandiwawa ngati akuswa gitala yeniyeniyo.

A Elube ankabwera ndi thobwa m'chidebe, kuika m'mphepete mwa munda, osayang'ana munthu, n'kubwerera. Masiku oyamba ankaika makapu awiri, anga ndi a Mofati. Layisoni ankadikira kuti ine ndimalize n'kumwera yanga. Titafika pakati pa munda, tsiku lina tinapeza makapu atatu. Mofati anandigunda ndi chigongono, ine ndinati asiye, ife tabwerera bokosi.

Tinamaliza Loweruka, mawa lake ndiye tsiku la mlendo. A Makwinja anayenda m'mizere yonse manja kumbuyo, kuponda apa ndi apo, n'kungoti, "Eya." A Elube anatulutsa bokosi okha. Linali lopukutidwa mpaka kuwala, lokutidwa ndi chiguduli choyera chosokedwa m'mbali kuti fumbi lisalowe.

"Katundu wanu uyu," anatero, maso ali pansi. "Watuluka bwino m'nyumba mwanga."

Sitinamasule. Tikanamasuliranji, batire kulibe? Tinasenza mosinthana mpaka ku malaini, ine ndikuyimba mluzu njira yonse.

Lamulungu masana bwalo la mpira linadzaza kuposa kale lonse. Mlendo anafika pa galimoto, bambo wochepa thupi wovala tayi, ndi makina ake okhala ndi mawilo awiri ozungulira. Anaimika cholankhulira patsogolo pathu, anavala zomvera m'makutu, n'kukweza dzanja kuti tiyambe. Mofati anang'amba ulusi wa chiguduli, analumikiza batire. Layisoni, zala zili ndi zipsera zosapola, anakhwatcha.

Bokosi linalira mwaulemu. Mawu oyera, osalala, aang'ono, ngati a tsiku limene tinaligula. Anthu anayang'anana. Layisoni anakhwatchanso mwamphamvu, koma chimodzimodzi. Tinathamangira kumbuyo kwa bokosi tonse atatu. Pamene panali pong'ambika paja panali chigamba. Kansalu kodulidwa bwino, komatidwa ndi phala la chinangwa, m'mphepete monse mosokedwa ndi ulusi wakuda, timasoko ting'onoting'ono tofanana ngati mano a chipeso. Kusoka pepala osaling'amba si ntchito ya tsiku limodzi. Ndipo nsaluyo ndinaizindikira ngakhale ine, yamaluwa ofiira. Inali chitenje chimene Layisoni anawagulira a Elube powafunsira, ndinamuperekeza ndine kusitolo.

Ine sindinachedwe. M'thumba ndinali ndi mpeni wanga wodulira tiyi, wokhota uja, wakuthwa moti umameta. Ndinamupatsa m'manja.

"Dula, achimwene. Kamodzi kokha, libwerera mwakale."

"Changu," anatero Mofati. "Bwanayo akuyang'ana wotchi."

Layisoni anagwada, mpeni m'manja. Nthawi yomweyo tinamva mawu kumbuyo kwathu. Anali a Elube, Fulede ali kumsana. Ife sitinadziwe n'komwe kuti abwera. Anaona tikuunjikana kumbuyo kwa bokosi, ndiye anadutsa pakati pa anthu onse aja, nkhope ili ndi mantha.

"Kodi sindinasoke bwino?" anafunsa. "Bambo a Fulede, khoswe uja analowa chifukwa cha makaka anga. Nthawi yonseyi mwakhala mukuyimba pamaso pa anthu ndi chinthu chong'ambika, chikulira moipa chonchija, chifukwa cha ine. Inu simunandikalipire, koma ine manyazi ankandigwira, n'chifukwa chake sindinkabwera. Ndiye ndinati lero kukubwera anthu a ku Blantyre, chisakuchititseni manyazi."

Bwalo lonse lija, kwa ine, linangoti zii. Munthu uyu sankadana ndi nyimbo. Ankaganiza kuti anatiwonongera, ndipo palibe mmodzi wa ife atatu amene anaganizapo zomuuza kuti khoswe wake ndi amene anatipatsa dzina. Layisoni anayang'ana chigamba, anayang'ana akazi ake, anayang'ananso chigamba. Anachisisita ndi chala chake chotupa chija, pang'onopang'ono, kutsata ulusi. Kenaka anatembenuza mpeni n'kundibwezera, chogwirira chili kwa ine.

"Mwasoka bwino, mayi a Fulede," anatero. "Simiyoni, yamba ng'oma."

Ndinamunong'oneza kuti wapenga, kuti mwayi uwu subweranso, kuti talima munda wonse uja chifukwa cha mawu amenewa. Iye anangoimirira. Anakoleka gitala n'kuima patsogolo.

Tinayimba. Ndipo ndikuuzeni zoona, zala za Layisoni sizinayendepo ngati tsiku limenelo, mpaka zipsera zinatseguka, magazi kudetsa zingwe. Amene ankadziwa gitala akanamva. Koma kubangula kuja kunalibe, ndipo anthu anavina mwaulemu monga mmene bokosi linkalirira. Titamaliza nyimbo zingapo mlendo anavula zomvera zake, anatigwira chanza mmodzimmodzi. Sanali munthu woipa.

"Mwayimba bwino ndithu," anatero. "Koma ine anandiuza kuti kuno kuli gitala yobangula. Zoterezi ku Blantyre ziliko zambiri."

Analongedza makina ake, galimoto n'kunyamuka. Ine ndinakhala pafupi ndi wayilesi ya kapitawo wathu dzinja lonse, kudikira kuti mwina atchula Masamba Awiri. Sanatitchule.

Tsiku lomwelo, anthu akubalalika, Mofati anafunsa kuti tsopano bokosi likagona kuti. Layisoni analisenza pamutu, a Elube anatsogola ndi mwana kumsana, iye pambuyo, kulowera njira ya ku Khwethemule. Bulangete lake anachita kudzatenga patapita masiku. Ndinamva kuti a Makwinja atawaona akulowa pamudzi anangoyang'ana kumunda kuja, n'kupitiriza kusema mpini wawo.

Ndinakwiya, ana inu. Ndinakwiya moti dzinja lonse tikakumana panjira ndinkayang'ana kumbali. Ndinkati munthu uyu watitayitsa dziko chifukwa cha kansalu. Pambuyo pake tinayambanso kuyimba apo ndi apo, m'maukwati, ndi mawu oyera aja, Layisoni akamaliza za kumunda. Kenaka Mofati anamusamutsira ku esiteti ina ndi thirakitala yake, batire n'kupita naye, bandi n'kuthera pomwepo ngati moto wa mapesi. Kubangula kuja kunatsala m'makutu mwa amene anakumva okha, ndipo ambiri a iwo tinawaika kale. Palibe tepi, palibe chimbale, palibe chithunzi. N'chifukwa chake mukamakangana za azungu anu oiwalikawo ine ndimangoseka.

Koma tamverani. Chimanga cha m'munda umene tinalima uja chisanakololedwe, a Elube anali oyembekezera. Mwana amene anabadwa anali wamkazi, anamutcha Linesi. Eya, mayi anu. Anakula, mwana wanga wamwamuna, bambo anuwa, n'kumuona kutchalitchi, n'kubwera kwa ine akuchita chibwibwi kuti wapeza mbeta ku Khwethemule. Tsiku la ukwati wawo, ine ndi Layisoni titakhala pa benchi imodzi, imvi zitayamba, ndinamufunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezo.

"Asewere, tandiuzani zoona. Simudandaula? Mukanangodula kamodzi, bwenzi dziko lonse likukudziwani."

Anayang'ana mwana wake atavala zoyera. Kenaka anati, "Asewere, munaona mmene anasokera?"

Basi, yankho lake linali lomwelo, ndipo sanabwerezenso nkhaniyo mpaka kumwalira.

Ine ndimanyadira Masamba Awiri, ndipo ndidzanyadira mpaka tsiku langa. Tinatenga nyimbo za eni, tinaziveka tchopa, tinagwedeza Thyolo ndi batire ya thirakitala. Koma pa zonse zimene ndinamuona Layisoni akuchita ndi manja ake, chachikulu ndi chimene anakana kuchita. Mpeni uja ukanakhala m'manja mwanga ndikanadula, osaganiza kawiri. Bwenzi lero muli ndi nyimbo yoti muziimvera m'foni, kungoti inuyo oimverawo bwenzi kulibe.

Mukapita kwa agogo anu a Elube Loweruka likubwerali, mukalowe pabalaza. Katebulo kaja kali pakona, kofunditsidwa nsalu yoluka, kamene amaikapo nyali ndi Baibulo, kamene iwe Tadala umatsamiritsapo foni yako ikamatchaja, si tebulo. Mukapemphe kaye, kenaka mukachotse nsaluyo, mukatembenuze, mukayang'ane kumbuyo. Maluwa ofiira aja anafwifwa, koma ulusi sunaduke ngakhale umodzi. Mukayang'ane ndi maso okha. Amene akakhudze ndi chala adzaonana ndi ine.